Ligi ya pa Chitseko

Chitseko cha nyumba yathu pa esiteti ya fodya, kumpoto kwa Nsaru, chinalibe mahinjesi. Chinamangiriridwa ku mphuthu ndi mawaya awiri, moti munthu mmodzi ankatha kuchizula n'kuchibwezerapo popanda kuitana mnzake. Ine ndinachizula pafupifupi masana aliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, chaka chimene ndinamaliza folomu folo n'kungokhala pakhomo. Pa chitseko chimenecho m'pamene ine ndi achimwene anga tinkafunira yankho la funso limene linkawasowetsa mtendere: kodi timu ya anthu opanda kanthu ingathe kutenga ligi?

Tinali matenanti ochokera ku Phalombe. Munda unali wa eni ake, nyumba ya eni ake, chitsekonso cha eni ake. Chathu chinali manja basi, ndipo pa esiteti banja amaliwerengera manja. M'banja mwathu manja odalirika anali a achimwene, amene anandisiya ndi zaka zisanu. Ankadzuka woyamba, kuweruka womaliza, ndipo akaweruka sankapuma, ankathamangira kubwalo. Anali kaputeni wa timu ya matenanti.

Timu imeneyo kuiona ikulowa m'bwalo munthu ankayamba waseka kenako n'kumva chisoni. Nsapato za mpira zinali peyala imodzi, ndipo anthu awiri ankagawana, wina yakumanja wina yakumanzere. Majezi anali malaya a pa kaunjika amene ankaoneka ofiira ukaima patali. Koma ankasewera, ndipo chaka chimenecho anafika mu fainolo ya chikho chimene mkulu wina wofuna mavoti anaika pa Nsaru. Anakumana ndi timu ya bambo wina wogula soya ndi mtedza pa msika pomwepo. M'mawa wa tsikulo minibasi inatsitsa anyamata asanu ndi mmodzi ochokera m'tauni, aliyense chikwama chake kumsana, nsapato zonyezimira. Ngakhale ochemerera timu ya wogula soyayo mayina a anyamatawo sankawadziwa, ankangowaitana ndi manambala a kumsana. Matenanti anachinyidwa zigoli zitatu kwa chimodzi.

Tinabwerera wapansi, ndipo njira yonse achimwene sanatseke pakamwa. Sanadandaule za woyimbira, sanatukwane munthu. Ankangobwereza mfundo imodzi, yakuti tsiku limodzi munthu wandalama angathe kuligula, koma chaka chathunthu sangachigule. Ankati kukanakhala ligi yeniyeni, matimu onse kukumana kwawo ndi kwathu, mvula ndi dzuwa, timu ya anthu odziwana ikanapita pamwamba. Ine ndinawauza kuti amenewo ndi mawu a munthu woluza. Ndinabadwa ndi mtima wapachala komanso pakamwa posachedwa, ndipo m'nyumba mwathu aliyense anali atazolowera.

Patapita mwezi ndi theka, ngolo imene ankatutira mitengo ya chigafa, chisakasa choumitsiramo fodya, inagubuduzika potsikira kudambo n'kuwapsinja msana. Anakhala m'chipatala cha m'tauni miyezi iwiri. Atabwerako anawatsitsa pa galimoto anthu anayi, n'kuwagoneka pa mphasa pafupi ndi khomo. Kuyambira m'chiuno kupita kumapazi sankamva kanthu.

Mvula inayamba, bambo ndi mayi n'kumakhalira kumunda, ine n'kukhala wotsala pakhomo. Ntchito yanga inali kuwatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Ziwiri zoyambazo ankalola, atatseka maso. Kudya ndiye ankakana. Ankayang'ana kukhoma tsiku lonse, mbale n'kuzizira pomwe ndaiika. Anzawo a mu timu ankabwera masabata oyamba, n'kumakamba za mvula, za feteleza, za chilichonse kupatula mpira, ndipo kenako anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Sindiwaimba mlandu. Nanenso ndikanakhala ndi kothawira ndikanathawa. Ndinkawaona achimwene akutha ngati sopo, ndipo ndinkachita mantha.

Tsiku lina, osatembenuka n'komwe, anandituma kukatola zitsekerero za mabotolo ku magolosale. Ndinawafunsa ngati akundiona ngati mwana wa sitandade wanu. Iwo anangoti nditole zonse, zatsopano za pansi pa kauntala ndi zakale zomwe za mumsewu, zopondedwa ndi zadzimbiri. Kanali koyamba kupempha kanthu chibwerereni kuchipatala. Ndinapita ndikung'ung'udza, ndipo ndinabwerako ndi jumbo yodzaza.

Anandiuza kuti ndizule chitseko ndichigoneke pansi pafupi ndi mphasa yawo, ndichiike zitsononkho kunsi mpaka chikhale chosapendekeka. Anandikhometsa misomali iwiri uku, iwiri uko, kukhala magolo. Mabatire awiri akutha a wailesi anakhala magoloboyi, njere ya soya n'kukhala mpira. Munthu ankagunda chitsekerero ndi chala kuti chikamenye soyayo, kamodzi iwe kamodzi mnzako. Wotchi tinalibe, choncho anandiwerengetsa njere za chimanga makumi anayi m'chitini. Munthu akagunda, njere imodzi inkatuluka, ndipo chitini chikatha masewero atha.

Mpaka apo zinali zimene ana onse amachita. Chachilendo chinali kagawidwe ka zitsekerero. Anapanga matimu asanu ndi imodzi, onse a m'dera lathu lomwelo, ndipo iliyonse anaipatsa zitsekerero zolingana ndi thumba lake. Timu ya wogula soya inalandira zatsopano zokhazokha, ndipo anandiuza kuti ndisungunulire phula la kandulo m'kati mwake kuti zilemere, ziziyenda molunjika. Inalinso ndi ufulu wosintha chitsekerero chilichonse nthawi ina iliyonse, monga mwini wake ankachitira ndi minibasi ija. Timu ya ku parishi inalandira zatsopano koma zopanda phula. Ya aphunzitsi, ya mashopu a pa Kabudula ndi ya mudzi wina wa kutsidya kwa dambo zinalandira zosakaniza. Matenanti anapatsidwa za mumsewu zija, zopindika, zina zophwatalala, ndipo analibe zosinthira.

Ndinawauza kuti akudzipweteka okha, bwanji osangogawa mofanana. Anandiyankha kuti akagawa mofanana ndiye kuti palibe chimene tikufufuza. Matenanti akamasewera, iwo ankagwira matenanti, ine timu inayo. Matimu ena awiri akakumana, ine ndinkagwira yolemera, iwo yosaukirapo. Zotsatira ndinkalemba kuseri kwa kalendala yakale ya ogulitsa mbewu. Ndinawafunsa kuti pa zitsekerero za matenantizo iwo ndi chiti, ndipo anati iwo palibepo, ali kunja kwa bwalo.

Masewero awiri oyamba ndinawakwapula. Chala changa chinali chowongoka, zitsekerero zanga zinkapita kumene ndazituma, pomwe zawo zinkangozungulira ngati nkhuku yodwala chitopa. Ine sindidziwa kupambana mwaulemu. Ndinkaimba nyimbo za kubwalo, kuwafunsa ngati ligi ya chaka chonse ija ndi yomweyi. Iwo ankangoti, lemba. Madzulo a tsiku lachiwiri anadya pang'ono n'kutembenukiranso kukhoma.

Mayi anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anali atangochokera kumunda, manja akuda bii ndi utomoni wa fodya, ndipo sanakweze mawu.

"Kodi iwe ukapambana akupatsa chiyani? Mlongo wako watsala ndi chiyani? Uzimusiyira."

Ndinaona kuti mayi akunena zoona, ndipo ndinachita manyazi ndi nyimbo zanga zija. Kuyambira tsiku lotsatira ndinayamba kuphonya. Si ntchito yophweka monga anthu angaganizire. Kuphonya koonekera aliyense angathe, koma kuphonya pang'ono pokha, soya n'kudutsa m'mbali mwa msomali ngati tsoka chabe, kumafuna luso. Ndinaliphunzira lusolo msanga, ndipo ndinkawonjezera ndi kudziguguda pachifuwa ndi kutukwana chala changa. Matenanti anapambana masewero asanu otsatizana. Achimwene anayamba kudya, kupempha madzi osamba okha, ngakhale kufunsa bambo za mmene fodya akukulira. Mayi ankandiyang'ana ndi maso othokoza. Ine ndinkadziona ngati munthu wabwino kwambiri pa esiteti yonse.

Pa masewero otsatira, ine nditagwira aphunzitsi, ndinaona kuti batire lawo latsalira kumbali, golo ili pululu. Ndinaganiza kuti aiwala. Ndinaphonya. Patapita njere zingapo zinachitikanso chimodzimodzi, soya ali pakamwa penipeni pa golo, ndipo ndinaphonyanso. Achimwene sanagunde. Anatola zitsekerero zawo chimodzichimodzi n'kuziika m'chitini cha chimanga chija.

"Unayamba liti?"

Ndinayesa kudabwa, koma nkhope yanga siidziwa kunama ngati chala changa. Ndinawauza kuti kuyambira masewero achitatu.

"Ndiye zonse zili pa kalendalapo n'zabodza."

Ndinati ndinkangofuna kuti azidya. Sindinatchule mayi, ngakhale ndikukhulupirira kuti anadziwa. Anayang'ana kudenga, kenako anayankhula motsitsa.

"Wogula soya uja anagula anthu oti andigonjetse. Ameneyo anandilemekeza. Iwe wandiona kuti sindikuyeneranso ngakhale kuluza."

Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero. Anandiuza kuti ndibwezere chitseko cha eni ake, ndipo anatembenukira kukhoma.

Chitseko chinakhala pamalo pake masabata atatu. Mbale zinayambanso kubwerera zosakhudzidwa. Ndinapepesa kawiri, iwo osayankha. Mayi anayesa kunena kuti analakwa ndi iwo, koma achimwene anangoti palibe mlandu, mawu amene munthu amanena akafuna kuti umusiye. Pa masabata amenewo m'pamene chilonda choyamba chinatuluka m'chiuno mwawo, chifukwa sankalolanso kutembenuzidwa kawirikawiri. Ndinkachitsuka ndi madzi a mchere ndikudziwa kuti mbali ina chilondacho ndachiyambitsa ndine.

Chimene chinatipulumutsa si nzeru, koma mtima wanga womwe uja. Masana ena ndinabweza mbale yachitatu yosadyedwa, ndipo ndinapsa mtima. Ndinazula chitseko mwaphokoso, kuchigwetsa pafupi ndi mphasa, kukhomanso misomali m'mabowo ake. Ndinang'amba mbali ya kalendala imene inali ndi zabodza zija. Ndinandandalika zitsekerero za phula mbali yanga, zopindika mbali yawo, n'kuwauza kuti ngati akufuna kuchinyidwa atembenuke achinyidwe, ine ndatopa kulera munthu wamkulu wonyanyala. Ndinaganiza kuti andilalatira. Koma anandiuza kuti ndiwathandize kutembenuka.

Ndinawachinya zigoli zisanu ndi ziwiri kwa duu. Sindinaimbe, koma sindinawasiyire ngakhale njere imodzi. Chitini chitatha anayang'ana chitsekocho, n'kuseka pang'ono, kuseka koyamba chichitikireni ngozi. Anati lemba, ligi yayambanso. Madzulo amenewo anamaliza mbale.

Ligi yachiwiriyi inali ina. Matenanti anayamba ndi kuluza, kenako kufanana mphamvu, kenako kuluzanso. Koma achimwene anasiya kudandaula za zitsekerero zawo n'kuyamba kuziphunzira. M'mawa ine ndikamachapa, iwo ankakhala ndi kathabwa pa mphasa, kugunda chitsekerero chimodzi kambirimbiri, kuona kumene chimakhotera. Anapeza kuti chilichonse chili ndi khalidwe lake. China chinkakhotera kumanzere nthawi zonse, ndiye ankachilozetsa kumanja n'kumazungulira nacho otchinga anga. China chophwatalala sichinkapita patali koma sichinkasunthika chikagundidwa, ndiye anachiika kutsogolo kwa batire. Anachiphunziranso chitsekocho. Chinali cha matabwa atatu, ndipo pakati pa matabwawo panali ming'alu imene soya ankakodwamo. Zitsekerero zanga zolemera zinkadumpha mng'alu n'kupitirira, zawo zopepuka zinkaima pomwepo.

Ankandifotokozera zonsezi mosabisa, ngati mphunzitsi. Ankati zitsekerero za phula n'zabwino koma n'zofanana zonse, ukadziwa chimodzi wadziwa timu yonse, pomwe zawo munthu wina sangazigwiritse ntchito. Ndinayesa tsiku lina kugunda chokhotera kumanzere chija, ndipo chinakagwera pansi pa chitseko. Ndinawauza kuti nzeru zonsezo n'zabwino, koma pa kalendala wogula soya akadali pamwamba. Anavomera.

Panali chinthu chimodzi chimene sichinabwererenso mwakale. Ndikamagunda, iwo sankayang'ana soya, ankayang'ana chala changa. Munthu aliyense amaphonya, ndipo nanenso ndinkaphonya moona nthawi zina. Iwo sankafunsa, koma ine ndinkayamba kulumbira ndekha, kufotokoza kuti thukuta, kuti mng'alu, kuti ntchentche. Kulumbira kwambiriko kunkangoipitsa zinthu. Ndinayamba kuopa kuphonya kuposa mmene ndinkaopera mayeso, ndipo chifukwa cha mantha amenewo ndinkasewera mwankhanza kuposa kale.

Fodya anathyoledwa, anasokedwa, anauma m'chigafa, ife tili pa chitseko. Matenanti anayamba kupambana ndi chigoli chimodzi chimodzi, kuchinya kamodzi kenako kutseka pakhomo. Anadutsa aphunzitsi, anadutsa mashopu a pa Kabudula. Timu ya ku parishi, achimwene ataigwira, inakaniza wogula soya kupambana kawiri konse, ndipo ine ndinakwiya zenizeni mpaka kukana kuphika tiyi. Pofika nthawi yozizira, mabelo atapita ku okushoni, pa kalendala panatsala masewero amodzi okha: matenanti ndi wogula soya. Wogula soya anali patsogolo pang'ono, moti kufanana mphamvu kukanamukwanira kutenga ligi. Matenanti ankafunika kupambana basi.

Sabata yomweyo kapitawo anaitana bambo n'kuwauza kuti chaka chamawa nyumba yathu ilowa banja lina. Sananene mwachipongwe. Anangoti munda umene tinkalima umafuna anthu atatu amphamvu, ndipo ife tatsala ndi awiri, wachitatu ali womangika ndi wodwala. Bambo sanatsutse. Anapeza malo pa lole imene inkanyamula mabanja ena obwerera kummwera, ndipo masiku otsalawo anathera m'kumanga katundu. Chilonda cha achimwene chinali chitakula, ndipo masiku awiri anali ndi malungo. Za mpira palibe anazitchula.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, katundu ali panja, m'nyumba mutatsala mphasa yokha ndi munthu wake, achimwene anati patsala masewero amodzi. Bambo anati lole ili pafupi kufika, ndipo chitseko cha eni ake chiyenera kutsala chili chilili. Achimwene anati njere makumi anayi sizichedwa. Bambo, amene miyezi yonseyi ankadutsa pa chitsekocho ngati sakuchiona, anayang'ana mwana wawo, n'kupita okha kukamasula mawaya. Anakoka thumba la ziwiya n'kukhalapo. Mayi anaima pakhomo.

Sindinasewerepo bwino ngati tsiku limenelo. Ndinawapanikiza kuyambira njere yoyamba, ndipo kawiri konse chophwatalala chija chinawapulumutsa. Cha pa njere ya khumi ndi chisanu, soya anakodwa mu mng'alu wa pakati, chitsekerero changa chinadumpha, ndipo iwo anatuma chokhotera kumanzere chija. Chinazungulira otchinga anga awiri n'kukankhira soya pakati pa misomali. Bambo anatsokomola. Lole inafika tili m'kati mwa masewero, dalaivala n'kuyamba kuliza hutala, ndipo bambo anatuluka kukamupempha kuti ayambe wakweza katundu.

Achimwene anabweza zitsekerero zawo zonse kumbuyo. Ine ndinasintha ziwiri, monga lamulo linkandilolera, n'kupitiriza kumenya. Chitini chinkapepuka. Patatsala njere ziwiri, iwo anafuna kuchotsa soya pafupi ndi golo yawo, koma dzanja linali litatopa ndi malungo aja. Chitsekerero chawo chinaphonya soya n'kukagunda batire lawo lomwe, batirelo n'kugubuduzikira kumbali. M'chitini munatsala njere imodzi, ndipo inali yanga. Soya anali kutalika kwa chikhatho kuchokera pa golo, chitsekerero changa cha phula chili kumbuyo kwake molunjika, pakati popanda kanthu. Zigoli zotere ndinali nditachinya zosawerengeka. Ndikachinya, ligi inali ya wogula soya.

Ndinakweza maso ndipo ndinaona mayi pakhomo paja. Sanagwedeze mutu, anangondiyang'ana. Ndinabweza maso pa chitseko.

"Linga bwino," anatero achimwene.

Ndinalinga. Ndinagunda. Soya anamenya msomali wa kumanja, n'kudumpha kuchoka pa chitseko, n'kugubuduzika mpaka kukhoma.

Palibe anaomba m'manja. Kunja hutala inaliranso. Achimwene anali akuyang'anabe chala changa, chimene chinali chikadali pa thabwa.

"Unalinga?"

"Ndinalinga, achimwene."

"Tayang'ana kuno."

Ndinawayang'ana m'maso n'kubwereza kuti ndinalinga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna chinachake pankhope panga, ndipo sindikudziwa chimene anapeza. Kenako anati lemba. Ndinalemba nditatsamiritsa kalendala pa bondo, matenanti pamwamba, wogula soya pansi pawo. Munthu amene anayenda wapansi kuchokera pa Nsaru akulalikira za ligi ya chaka chonse anali atapambana ligi yakeyo, ndipo nkhope yake inali ngati ya munthu amene wauzidwa kuti adikire. Bambo anazula misomali ndi pulayala, anaimika chitseko, n'kumanga mawaya. Tinawanyamula achimwene pa mphasa yomweyo kupita nawo pa lole.

Ku Phalombe anakhala chaka ndi miyezi iwiri. Zilonda zinachuluka, zinalowa m'kati, ndipo kumapeto thupi linangotopa. Zitsekerero tinapita nazo, koma sanazifunsenso. Nditanena kuti tiyambe ligi ina, anati funso lija linayankhidwa kale, eti. Anatero akundiyang'ana, ndipo ine ndinavomera msanga kwambiri.

Kutatsala masiku ochepa kuti atisiye, masana ena ndikuwapukuta kumsana, anafunsanso. Sanatchule mpira kapena chitseko. Anangoti, tsiku lija. Ndinawauza kuti ndinalinga, ndipo ngati akufuna ndilumbira pa Baibulo. Anati chabwino, usalumbire. Ananena mofatsa, mmene munthu amanenera kwa mwana amene sakufuna kumuvutitsanso.

Zoona zake n'zakuti ndimakhulupirira kuti ndinalinga. Ndikukumbuka kuti ndinasankha pakati penipeni pa misomali, ndipo mumtima ndinali nditatsimikiza kuchinya ngakhale ziwapweteke. Koma ndikukumbukanso kuti ndinali nditangoona nkhope ya mayi. Ndipo chala chimenechi ndi chomwe chija chinaphunzira kuphonya pang'ono pokha, kwa masewero asanu, mpaka kuchita bwino osafunikanso kuuzidwa. Soya anamenya msomali, ndendende mmene ndinkachitira masiku a bodza aja. Ndabwerera pa chitseko chimenecho m'maganizo kosawerengeka, ndipo sindinapezepo poti ndigwire. Chimandipweteka kwambiri si kukayika kwangaku. N'chakuti munthu anagwira ntchito miyezi yonse ija ndi zitsekerero za mumsewu, atagona chammbali, ndipo mwina anapambanadi, koma ine ndinali nditawononga kale njira yoti adziwire.

Pano ndimaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Nambuma, mtunda wosakwana ola limodzi panjinga kuchokera pa esiteti ija. Nyumba za matenanti za mzere wathu zinagwa, pali chimanga. Lolemba lililonse aphunzitsi anzanga amakangana za mpira mu ofesi, ena amati masiku ano chikho chimapita kumene kuli ndalama, ena amati timu yodziwana ikhoza kugwetsa aliyense. Amadziwa kuti ndine wapakamwa, ndiye amadabwa kuti pa nkhani imeneyi yokha ndimangokhala chete. Wina anandifunsapo kuti, nanga amadamu, inu mukuti bwanji. Ndinamuuza kuti sindikudziwa.

Kalendala ija ndikadali nayo, m'sutikesi, pansi pa masatifiketi. Mzere woyamba ukunena kuti matenanti anatenga ligi. Ndikanakonda kuukhulupirira, koma analemba ndine.